Matope aja timati ndi achabechabe ndi amene amafikitsa mbalame ku Alaska

Mu Okutobala 2022 kamwana ka mbalame ka miyezi isanu yokha kananyamuka ku Alaska n'kuuluka osatera paliponse, osadya, osamwa, mpaka kukafika pa chilumba cha Tasmania kumwera kwa Australia. Masiku 11, makilomita 13,560. Mtundu wake ndi bar-tailed godwit, mbalame ya miyendo italiitali ndi mlomo wautali wopindikira m'mwamba pang'ono, ndipo ulendowu tikuudziwa chifukwa asayansi anali atakamangirira kachipangizo ka setilaiti pamsana. Dzina kanalibe, anangokapatsa nambala 234684. Godwit si bakha woti akatopa atha kutera pamadzi n'kupuma kaye, ikangoyamba kuwoloka nyanja ya Pacific ndiye kuti kutera kwake ndi kutsidya basi.

Nkhani ngati imeneyi ikatuluka tonse timangoti heee koma mbalameyi ndi yamphamvu, n'kupitirira. Funso lomwe ine ndimaona kuti ndi lenileni sitilifunsa: mafuta oyendera masiku 11 amenewa inawatenga kuti? Yankho lake si lokongola ayi, inawatenga m'matope. Matope onunkha a m'mphepete mwa nyanja yamchere, malo oti munthu akawaona amati apa ndiye palibe ntchito, bola tikwirirepo timange doko kapena fakitale.

Kuti timvane bwino tiyambe ndi madziwo. Nyanja yamchere sikhala malo amodzi, imadzaza n'kuphwera, m'malo ambiri kawiri patsiku, chifukwa mwezi umakoka madzi, dzuwanso limathandizirako. Pomwe gombe ndi lamiyala komanso lotsetsereka kwambiri kusinthaku sikuoneka kwenikweni, koma pomwe pansi ndi pafulati, makamaka pamene mitsinje ikuluikulu imathira m'nyanja, madzi akaphwera amabwerera m'mbuyo makilomita angapo n'kusiya chibwalo cha matope kapena mchenga wonyowa mpaka maso kulephera kuona mathero ake. Pakatha maola sikisi madzi aja abweranso, chibwalo chonse chamira. Tsiku ndi tsiku, zaka ndi zaka. Mitsinje imabweretsa dothi ndi zinyalala zowola kuchokera kumtunda, nyanja imabweretsa zake, ndiye m'matopemo muli moyo wosaneneka, nyongolotsi, tinkhono ta zikamba ziwiri, tinkhanu, tizilombo tonga shirimpi tating'onoting'ono, pa malo a mita imodzi mulitali mita imodzi mulifupi mutha kupeza tamoyo masauzande. Pamwamba simuona kanthu, mwina timabowo ndi timilu ta dothi basi. Pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nanga mbalamezi zimavutikiranji ndi maulendo onsewa? Zambiri mwa izo zimaswana kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, ku Arctic, m'madera a Siberia, Alaska, Canada ndi Greenland. Kumeneko nyengo yotentha ndi yaifupi koma ikafika dzuwa sililowa, tizilombo touluka timachuluka zedi, malo ndi aakulu, ndipo tiana take tikangoswa timayamba kudzitolera tokha chakudya tsiku lomwelo kapena mawa lake. Koma mpata wake ndi wa masabata ochepa chabe, sinowo akangobwerera chilichonse chimauma gwa. Nde mbalame iyenera kufika nthawi yake, kuikira mazira, kufungatira, kenako kuthawa. Ikachedwa ndi sabata imodzi kapena awiri chaka chimenecho chapita. Ikafika nthawi yake koma yowonda, yopanda mafuta otsala m'thupi, sinowo asanasungunuke bwino, mazira siikira, nthawi zina imafera komweko.

Thupi la mbalame yotereyi ndi thanki yeniyeni. Ikatsala pang'ono kunyamuka imadya usana ndi usiku, imanenepa mpaka kulemera pafupifupi kawiri kuposa mmene inalili. Mu 1998 ofufuza awiri, Theunis Piersma ndi Robert Gill, analemba za ma godwit aang'ono omwe anafa atangoyamba ulendo ku Alaska, anapeza kuti 55 peresenti ya kulemera kwawo anali mafuta okhaokha, pomwe matumbo, chiwindi, impso ndi nthutumba zinali zitachepa kwambiri. Ndiye kuti nthawi yodya mbalame imakulitsa ziwalo zogaya chakudya, ikakhuta imazifinya chifukwa m'mwamba ndi katundu wongolemetsa, minofu ya pachifuwa ndi imene imakula. Ikatera kutsidya iyenera kuyambiranso kumanga matumbo aja isanathe kudya bwinobwino. Ichi n'chifukwa chake masiku oyamba pamalo opumira ndi ovuta kwambiri, mbalame imafika ili ndi njala ya dzaoneni koma mimba yake isanakonzeke, ndipo chakudya chiyenera kukhala chambiri, chofewa, chosavuta kupeza.

Ulendo wobwerera kumpoto ndi umene umaonetsa bwino nkhani ya malo opumira. Mu 2007 godwit yaikazi yomwe anaitcha E7 inatsatidwa chaka chonse. Mu Malichi inachoka ku New Zealand n'kuuluka makilomita oposa 10,000 osatera mpaka ku Yalu Jiang, m'mphepete mwa Yellow Sea pafupi ndi malire a China ndi North Korea. Inakhala pamenepo pafupifupi masabata asanu, ntchito yake kudya basi. Kenako inapitirira ku Alaska kukaswana, ndipo kumapeto kwa Ogasiti inanyamukanso, makilomita 11,680 molunjika ku New Zealand m'masiku eyiti ndi maola ochepa. Chaka chonse pafupifupi makilomita 29,000, koma malo amene inaterapo kuti imwetse mafuta mutha kuwawerenga ndi zala za dzanja limodzi. Chotsanipo Yalu Jiang yekhayo, ulendo wonse wagwa.

Asayansi njira zimenezi amazitcha ma flyway, misewu ya mumlengalenga. Umodzi umachokera ku Siberia ndi Alaska kudutsa kum'mawa kwa Asia mpaka Australia ndi New Zealand. Wina umachokera ku Arctic kutsika ndi gombe la kumadzulo kwa Europe ndi Africa mpaka ku Walvis Bay ku Namibia ndi Langebaan ku South Africa. Ina ili ku America. Pamapu imaoneka yotakata, koma zoona zake n'zakuti mbalame mamiliyoni zimafinyikira pa timalo tochepa kwambiri, ngati msewu wautali wodutsa m'chipululu womwe uli ndi filing'i siteshoni ziwiri kapena zitatu zokha.

Tiyeni tiime kaye ku Delaware Bay, pakati pa New Jersey ndi Delaware ku United States, chifukwa kumeneko nkhaniyi imaoneka ndi maso. Mu Meyi, makamaka mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangokhala kumene, madzi atadzaza kwambiri, pagombe pamatuluka zolengedwa zotchedwa horseshoe crab. Dzina likuti nkhanu koma kwenikweni ndi abale a akangaude ndi zinkhanira, chikamba chake ngati chisoti cha msilikali, kumbuyo kamchira kosongoka, ndipo mtundu wawo wakhalapo zaka zoposa 400 miliyoni. Yaikazi imakwawa kutuluka m'madzi yaimuna itaikangamira kumbuyo, zina zazimuna zikuunjikana m'mbali, imakumba mumchenga n'kuikira timazira tobiriwira tating'ono ngati mutu wa phini, masauzande angapo pa dzenje limodzi. Mazirawa amakwiririka mozama moti mbalame ya mlomo waufupi singawafike. Chimene chimachitika n'chakuti zikachuluka kwambiri pagombe, ina ikamakumba dzenje lake imafukula mazira a inzake, mafunde n'kuwamwaza pamwamba pa mchenga. Mazira ofukulidwawo ndi oti sakanaswa kale, ndipo ndi amene mbalame zimadya. Mwaona kulumikizana kwake? Sikuti pangofunika ma horseshoe crab, pafunika ochuluka mpaka kupondana.

Nthawi yomweyomweyo pamatera red knot, kambalame kojintcha kofiirira pachifuwa. Zina zimakhala zachokera ku Tierra del Fuego, kunsonga ya kumwera kwa South America, ulendo wa makilomita pafupifupi 15,000 kukafika ku Arctic ya Canada. Kamafika kali mafupa okhaokha, magalamu 110 kapena 120, ndipo m'masabata awiri okha kayenera kufika pa 180 kuti kamalize ulendo n'kukaikira mazira. Mukaziona zikudya mungamve chisoni, mutu pansi, kujompha mothamanga ngati mashini osokera, funde likabwera zithawire kumtunda pang'ono, likabwerera zitsatire, uku zikulimbirana ndi mbalame zina zikuluzikulu. M'zaka za m'ma 1990 asodzi anayamba kugwira ma horseshoe crab ambirimbiri kuti akhale nyambo yogwirira nsomba za eel ndi nkhono zikuluzikulu za m'nyanja, zazikazi zodzaza mazira ndi zimene zinkafunidwa kwambiri. Palinso makampani a mankhwala omwe amazipopa magazi, magazi ake ndi a buluu ndipo amagwiritsidwa ntchito poyeza ngati majekeseni ndi zipangizo za kuchipatala zili zoyera. Mazira pagombe anachepa. Ma knot ambiri anayamba kunyamuka asanafike pa 180 paja, ndipo ku Tierra del Fuego chiwerengero chinatsika kuchoka pa 51,000 mu 2000 kufika pa 27,000 mu 2002. Zaka ziwiri zokha abale. New Jersey inaletsa kugwira ma horseshoe crab ngati nyambo ndi lamulo la mu 2008, boma la United States linaika mtundu wa knot umenewu pa mndandanda wa zamoyo zomwe zili pachiopsezo kumapeto kwa 2014, koma horseshoe crab imatenga zaka pafupifupi 10 kuti iyambe kuswana, nde kuchira kwake ndi kwa pang'onopang'ono.

Pali knot imodzi yomwe anthu anaikonda kwambiri, B95, anaiveka mphete kumwendo ku Río Grande ku Argentina mu Febuluwale 1995 ili kale yaikulu, ndipo inaonekabe mpaka 2014. Atawerengera maulendo ake anapeza kuti inauluka mtunda woposa wochoka pano kukafika kumwezi. Inapulumuka zaka zonse zija anzake akutha.

Tsopano pali mawu amene amanenedwa nthawi zonse pakabwera pulojekiti yokwirira gombe, akuti mbalame zili ndi mapiko, zipita kwina. Mawu amenewa ndi amene amandipweteka kwambiri chifukwa amamveka anzeru, chonsecho anayesedwa kale ndipo analephera. Ku South Korea kuli malo otchedwa Saemangeum pomwe mitsinje iwiri, Mangyeong ndi Dongjin, imathira mu Yellow Sea. Anali amodzi mwa malo ofunika kwambiri a mbalame za m'gombe m'dziko lonselo. Boma linamanga khoma la makilomita 33 kutseka kukamwa konse, linatsekedwa mu Epulo 2006, n'kudula malo okwana masikweya kilomita pafupifupi 400 kuti madzi asamalowenso n'kutuluka monga kale. Matope anauma, nkhono zinatuluka pamwamba n'kufa zitayasama. Gulu la Birds Korea pamodzi ndi Australasian Wader Studies Group anawerenga mbalame zaka zitatu zotsatizana, osati pa Saemangeum pokha komanso malo oyandikana nawo, dala kuti aone ngati zasamukiradi kwina. Mtundu wa great knot unali woposa 80,000 mu 2006, pofika 2008 sunkafikanso 15,000, ndipo pamalo oyandikana aja sizinapezeke zochuluka zoti n'kufanana ndi zosowazo. Kutali ku Australia komwe zimakathera nyengo yozizira, owerenga anaonanso kuti zachepa. Sizinapite kwina ayi, zinafa. Ndipo si mbalame zokha, mabanja masauzande ambiri, makamaka azimayi omwe ankatola nkhono m'matopemo n'kumagulitsa, anataya pogwira.

Zofananazo zinachitika pang'ono ku Cardiff Bay ku Wales, atatseka ndi damu mu 1999. Kumeneko mbalame zotchedwa redshank zinali zitavekedwa mphete kale, nde zinatsatidwa bwinobwino. Zinasamukiradi pamatope ena apafupi, koma kumeneko zinapeza eni malo, zinawonda, ndipo zomwe zinkafa pachaka zinachuluka. Malo abwino alionse amakhala ali kale ndi odya ake, chakudya chake chili ndi malire, mlendo wobwera mochedwa amatsalira zotsala. Komanso mbalame zambiri za m'gombe zimakakamira malo omwe zinazolowera, chaka ndi chaka gombe lomwelo, nthawi zina kachigawo komweko.

Chovuta china n'chakuti imfa yake sioneka. Simupeza mitembo ya mbalame itaunjikana pafupi ndi khoma kuti anthu akwiye. Mbalame imanyamuka thanki isanadzaze, mafuta amaithera pakati pa nyanja, kapena imafika ku Siberia n'kulephera kuikira. Amene amazindikira ndi munthu wa ku New Zealand kapena ku Tasmania amene wakhala akuwerenga pagombe lake zaka 30, akuona nambala ikutsika koma pagombe lakelo palibe chasintha. Bala lili dziko lina, kupweteka kukumveka dziko lina. Kafukufuku yemwe anatuluka mu 2017 anaonetsa zimenezi poyera, mitundu yomwe imadalira kwambiri Yellow Sea ndi imene inkatsika mofulumira, ina mpaka 8 peresenti pachaka, pomwe yomwe siidalira kwenikweni inali bwinoko. Zithunzi za setilaiti zinaonetsa kuti 28 peresenti ya matope a ku Yellow Sea anatha pakati pa zaka za m'ma 1980 ndi kumapeto kwa zaka za m'ma 2000, ndipo poyerekeza ndi mapu akale a m'ma 1950 mwina mpaka 65 peresenti. Padziko lonse, kafukufuku wa mu 2019 anapeza kuti m'madera omwe anali ndi zithunzi zokwanira, 16 peresenti ya mabwalo a matopewa anatha pakati pa 1984 ndi 2016.

Ndiponso matope si ofanana onse, apa mpofunika kumvetsa. Mtundu uliwonse uli ndi mlomo wake ndi chakudya chake. Curlew ili ndi mlomo wautali wopindikira pansi, imasolola nkhanu ndi nyongolotsi m'maenje akuya. Plover imasaka ndi maso, kuthamanga, kuima, kujompha. Red knot ikakhala pamatope imadya tinkhono, imameza ndi chikamba chomwe n'kukaphwanyira mu nthutumba, ndipo kunsonga kwa mlomo wake kuli timitsempha tomwe timamva chinthu cholimba chobisika m'matope onyowa isanachikhudze n'komwe. Ku Roberts Bank pafupi ndi Vancouver ku Canada, western sandpiper imanyambita kanthu koterera kopyapyala ka pamwamba pa matope, kopangidwa ndi tizomera tosaoneka ndi maso, lilime lake lili ndi tiubweya tothandiza kutolera. Ku Bay of Fundy semipalmated sandpiper imadya tishirimpi ta m'matope, m'masabata awiri yanenepa kawiri, kenako masiku atatu m'mwamba mpaka ku South America. Nde mukasintha kayendedwe ka madzi, olo osakwirira n'komwe, kungomanga doko pafupi kapena damu kumtunda kwa mtsinje lomwe likutsekereza dothi, matope amasintha, ofewa amasanduka mchenga, tamoyo tija timasintha, malo n'kukhalapobe pamapu koma mbale ili mbee. Ku Wadden Sea ya ku Netherlands zombo zokokolola nkhono pansi zinawononga chonchi chakudya cha ma knot mpaka boma linaziletsa kuyambira 2005.

Wadden Sea yomweyo ndi chitsanzo cha kukula kwa nkhaniyi. Imayambira ku Netherlands kudutsa Germany mpaka Denmark, ndipo mbalame pakati pa 10 ndi 12 miliyoni zimadutsapo chaka chilichonse. Zambiri zikachoka apo zimalunjika ku West Africa, ku Banc d'Arguin ku Mauritania pomwe chipululu cha Sahara chimakumana ndi nyanja, malo otetezedwa kuyambira 1976 omwe amasunga mbalame za m'gombe pafupifupi 2 miliyoni, ndi ku zilumba za Bijagós ku Guinea-Bissau komwe matope amazunguliridwa ndi mitengo ya mangrove. Ku Banc d'Arguin ndi komwe kunapezeka chinthu china chomvetsa chisoni. Mu 2016 Jan van Gils ndi anzake anaonetsa kuti sinowo ku Taimyr ku Siberia akusungunuka msanga kusiyana ndi kale, tizilombo timachuluka tiana ta knot tisanaswe, nde tiana timakula monyentchera ndi milomo yaifupiko. Tikafika ku Mauritania mlomo sufika pomwe pali nkhono zabwino zozama, timangodya mizu ya udzu wa m'nyanja yopanda thanzi, ndipo tambiri sitimaliza chaka. Kusiyana kwa mamilimita ochepa a mlomo, kochokera ku nyengo ya dziko lina makilomita masauzande kutali.

Chinthu china chimene anthu ambiri sachiganizira ndi pogona. Madzi akadzaza matope onse amamira, mbalame ziyenera kupeza poti ziime maola angapo, malo ouma, oonekera patali kuti mphamba asazidzidzimutse, komanso apafupi. Kale zinkaima pa milu ya mchenga ndi m'madambo a mchere kuseri kwa gombe. Lero kuseri kuli khoma la konkire, msewu, mahotela. Kwina zimangozungulira m'mwamba mpaka madzi aphwere, kuwotcha mafuta omwe zavutikira tsiku lonse. Galu mmodzi womasulidwa pagombe, kapena munthu wofuna chithunzi chokongola cha gulu likuuluka, amadzutsa mbalame masauzande, ndipo zikachitika kakhumi patsiku kwa masabata awiri mbalame ija sifika pa kulemera kofunika. Munthuyo alibe mtima woipa, sakudziwa chabe. Chosangalatsa n'chakuti maiwe opangira mchere, ngati a ku Pak Thale ku Thailand, asanduka pogona ndi podyera pabwino, ndiye kuti ntchito ya anthu ndi mbalame zitha kukhalira limodzi ngati madzi asungidwa osaya.

Sikuti ndi mbalame za miyendo italiitali zokha. Timbalame ta m'nkhalango tolemera magalamu 10 kapena 15 timawoloka Gulf of Mexico usiku, makilomita pafupifupi 1,000, ndipo tikakumana ndi mvula ndi mphepo yochokera kutsogolo timangogwera pa mitengo yoyamba yomwe taiona m'gombe la Texas ndi Louisiana, ngati ku High Island, tili totopa moti munthu amatha kutiyandikira osathawa. Kankhalango kakang'ono ka m'gombe tsiku limenelo ndi moyo.

Ine sindigwirizana ndi maganizo oti mdani wa mbalamezi ndi munthu wosauka wa m'gombe. Taonani za spoon-billed sandpiper, kambalame kakang'ono ka mlomo wonga sipuni, kamaswana ku Chukotka ku Russia, ndipo padziko lonse tatsala mahandiredi ochepa chabe. Ofufuza atapeza kuti tambiri timakodwa m'maukonde a osaka mbalame ku Gulf of Mottama ku Myanmar, anapita kukakhala nawo pansi, anapeza kuti ndi anthu osowa pogwira, ofuna mbalame zikuluzikulu zogulitsa, kakang'onoka kankangokodwa nawo. Anawathandiza ndi zipangizo zophera nsomba ndi njira zina zopezera ndalama, ambiri anasiya, ena n'kusanduka olondera mbalamezo. Msaki mutha kukambirana naye mawa n'kusintha. Khoma la makilomita 33 mulibe chokambirana nalo.

Mapangano alipo, ndipo si atsopano. Pangano la Ramsar linasainidwa ku Iran pa 2 Febuluwale 1971, ndipo limati malo omwe nthawi zonse amasunga mbalame za m'madzi 20,000, kapena 1 peresenti ya mtundu umodzi, ndi ofunika kudziko lonse. Pangano la Bonn la nyama zosamukasamuka linabwera mu 1979, la AEWA loteteza mbalame za m'madzi zoyenda pakati pa Africa, Europe ndi mbali ya Asia mu 1995, mgwirizano wa msewu wa East Asia ndi Australasia mu 2006. Vuto lake n'lakuti mapanganowa alibe mano kwenikweni, dziko likafuna doko limamanga. Ndipo mbalame yongodutsa ilibe mwini, mlendo ndi mame, imakhala masabata atatu pachaka, miyezi ina yonse malo ali zii, wobwera kudzayeza malo mu Julayi atha kulemba lipoti loona ndithu loti sanaonepo mbalame. Za slender-billed curlew zinachedwa, inaonedwa komaliza motsimikizika ku Merja Zerga ku Morocco mu Febuluwale 1995, ndipo mu 2024 asayansi ananena kuti yatheratu. Madzi akatayika saoleka.

Komabe pali zomwe zasintha zoti zaka 20 zapitazo palibe akanakhulupirira. Mu 2018 China inaletsa kukwirira gombe pofuna bizinesi, ndipo mu 2019 matope a ku Yancheng m'chigawo cha Jiangsu, kuphatikizapo Tiaozini komwe spoon-billed sandpiper imapumira n'kusintha nthenga, malo omwe anali kale pa pulani yokwiriridwa, analowa pa World Heritage, mndandanda wa bungwe la UNESCO wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse. Malo ena anawonjezedwa mu 2024. South Korea yomwe ija inalembetsa matope ake anayi, omwe iwo amati getbol, mu 2021. Ntchito sinathe chifukwa udzu wina wochokera ku America, Spartina, womwe anaubweretsa dala ku China mu 1979 kuti uteteze gombe, wafalikira n'kuphimba matope ambiri moti mbalame sizitha kudyapo, mpaka boma linayambitsa kampeni yaikulu youzula.

Chomwe chatsala chachikulu ndi kukwera kwa nyanja. Mwachilengedwe madzi akakwera matope amasunthira kumtunda pang'onopang'ono, koma pomwe pali khoma alibe kolowera, amangofinyika pakati pa madzi ndi konkire mpaka kutha. N'chifukwa chake mayiko ena ayamba kuchita chinthu chomwe makolo awo akanati ndi misala, kuboola makoma dala kuti nyanja ilowenso m'minda yomwe inalandidwa kalekale. Ku England anachita ku Medmerry mu 2013, ndipo ku Wallasea Island ku Essex anatenga dothi loposa matani 3 miliyoni lomwe linakumbidwa pomanga njanji ya pansi ya Crossrail ku London, kulinyamula pa zombo n'kukaumba nalo malo atsopano, kenako mu 2015 anaboola khoma madzi n'kulowa. Zimathandizanso anthu chifukwa dambo la mchere limaphwanya mphamvu ya mafunde asanafike kunyumba. Mbalame zinabweradi, zina m'nyengo yoyamba yomwe. Koma matope atsopano amafuna zaka kuti nyongolotsi ndi nkhono zikhazikike mmene zimakhalira m'matope akale, ndipo Wallasea yonse ndi mahekitala osafika 800, pomwe Saemangeum yokha inameza 40,000.